Mmisiri Amene Ankakhalira Manja Ake

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse mwa a Dikiranikaye, ndipo ndichinene poyamba. Amisiri ambiri amene ndawaona amabisa kanthu kena ka ntchito yawo kuti tsiku la mavuto anthu adzawathamangire. Iwowa anakhala zaka khumi ndi chimodzi pasukulu ya zaumisiri akuyesetsa kuti lidzafike tsiku limene palibe adzawafune. Kaya kunali kudzichepetsa, kaya kunyada kwa mtundu wina, sindikudziwa. Sindikulemba kuti ndiwatamande. Anali ndi zovuta zawo, ndipo zina ndizitchula.

Dzinali anawapatsa ndi aphunzitsi. Munthu akabwera ali wefuwefu kuti kompyuta yafa, iwo sankadzuka msanga. Ankavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, kenako n'kunena kuti, "Dikirani kaye. Isanafe, munachita chiyani?" Aliyense ankayankha kuti sanachite kanthu. Iwo ankangomuyang'ana mpaka munthuyo akumbukire.

Chipinda chawo chinali pansi pa masitepe, momwe kale ankasungamo matsache ndi zidebe. Chinali ndi kazenera kamodzi m'mwamba, fani yaphokoso, ndi shelefu ya matabwa imene anakhoma ana asukulu ophunzira ukalipentala. Pashelefupo panali makina awiri ofanana. Oyamba anali seva, ndiye kuti kompyuta yosunga zinthu za sukulu yonse: mayina a ophunzira mazana asanu ndi limodzi, malikisi awo, makalata ndi mafunso a mayeso. Imeneyi anaitcha Nkhokwe. Achiwiri anawatcha Mthunzi. Ntchito yake inali yoyeserapo basi, ndipo kaya wina auwononge motani, palibe chimene sukulu ikanataya.

Makompyuta makumi anayi a m'makalasi anali otayidwa ndi maofesi ena, akale, ena osowa zivindikiro. A Dikiranikaye anawadzutsa ndi Linux pamodzi ndi mapulogalamu ena a mtundu womwewo, amene owalemba anawasiya poyera kuti aliyense awatenge, awaone m'kati, awakonze ndi kugawira mnzake popanda kupempha chilolezo. Ankanena kuti galimoto yokhomedwa boneti saikhulupirira, ngakhale ikhale yowala bwanji.

Malamulo awo anali ochepa koma osapindika. Lachisanu sankaika pulogalamu yatsopano, chifukwa chikavuta palibe woti achione mpaka Lolemba. Chilichonse chatsopano chinkayamba chakhala sabata yathunthu pa Mthunzi chisanafike kwina. Chimene achita ankachilemba m'buku la chikuto cholimba, tsiku ndi nthawi yake. Za makope osungira, amene amisiri amawatcha bakapu, ankanena kuti kope limene munthu sanayesepo kulibwezeretsa ndi mphekesera chabe.

Si anthu onse amene ankawakonda, ndipo si onse amene ankalakwa. Anali ochedwa. Mphunzitsi wa zomangamanga anadikira masabata atatu pulogalamu yojambulira mapulani imene ikanalowa tsiku limodzi. Ankakonza munthu pagulu osaganiza za manyazi ake. Tiyi ankamwera okha, chitseko chili chotseka. Za kwawo palibe ankadziwa, kupatula kuti ankakhala m'chipinda cha lendi kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ndiponso kuti kamodzi pachaka ankapempha masiku asanu n'kubwera atameta.

Munthu yekhayo amene anawadziwa bwinoko anali a Nataipi, mlembi wa sukulu. Mayiwa anafika pasukulupo ali mtsikana, nthawi ya mataipi achitsulo aja olira ngati matalala pamalata, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka imvi. Zala zawo zinali zodziwika. Ankataipa osayang'ana zala kapena pepala lotuluka, maso ali pa cholembedwa chimene akukopera, monga anawaphunzitsira kale.

Anayamba kulowa m'chipinda cha matsache chifukwa cha makina osindikizira amene ankangokana. Tsiku lachitatu, m'malo mopita kukawakonzera, a Dikiranikaye anawalozera mpando wawo. Iwo eni ake anakhala pa chidebe chovundikira, n'kulowetsa manja onse awiri pansi pa ntchafu zawo.

"Achemwali, ine lero manja ndilibe. Khalani apo."

"Achimwene, ine ndili ndi makalata asanu ndi atatu akundidikira."

"Adikira. Tsegulani zenera lakuda."

Zenera lakuda ndi malo pa sikirini pamene palibe zithunzi. Pali mzere umodzi wodikira kuti munthu alembe lamulo, ndipo kumayambiriro kwa mzerewo kumakhala dzina la makina amene munthuyo akulankhula nawo, m'tizilembo ting'onoting'ono. Tsiku limenelo a Nataipi anakonza makina osindikizira ndi zala zawo, ndipo zinawatengera ola lathunthu. Anatuluka atakwiya. Mawa lake nthawi ya nkhomaliro anabweranso okha.

Zinapitirira choncho zaka zitatu. Anaphunzira kutsegulira ophunzira atsopano malo awo pa Nkhokwe, kuika mapulogalamu pa makompyuta onse makumi anayi ali pampando umodzi, kuwerenga madandaulo amene makina amalemba akamavutika, ndi kutenga kope. Nthawi yonseyo a Dikiranikaye sanakhudze kiyibodi mayiwo ali pampando. Nthawi zina mapewa awo ankanjenjemera poona munthu akuzungulira njira yaitali, koma manja sankatuluka.

Chaka cha khumi ndi chimodzi, teremu yomaliza ili pakati, zinthu ziwiri zinachitika mwezi umodzi. A Dikiranikaye anapereka kalata yoti asiya ntchito teremu ikatha, osanena chifukwa. Ndipo akuluakulu oyang'anira sukulu anagamula kuti ntchito ya mlembi ithe, popeza aphunzitsi anali atayamba kudzitaipira okha. A Nataipi anali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi.

A Hedi, mkulu wa sukuluyo, anali munthu wamfupi, wachangu, wosakonda kubwereza mawu. Anaitana a Dikiranikaye n'kuwauza kuti athandize kupeza mnyamata wa mapepala woti alowe m'malo mwawo.

"Munthu alipo kale, bwana. Ali kuseri kwa khoma ili."

"Ndani? A Nataipi?" A Hedi anaseka mpaka kutsokomola. "Inu, seva si envelopu."

"Ayeseni."

"Chabwino. Lachitatu. Akuluakulu akumana Lachinayi, ndiye ndikufuna ndikawauze zimene ndaona ndi maso anga."

"Dikirani kaye, bwana. Sabata imeneyo aphunzitsi akulowetsa malikisi. Si sabata yoseweretsa makina."

"Mwandidikiritsa zaka khumi ndi chimodzi. Lachitatu."

Mayeso ake anali oti a Nataipi afufute zonse za malikisi pa Mthunzi, kenako azibwezeretse kuchokera pa kope, okha, a Hedi akuona. Akakhoza, chipinda cha matsache chikhala chawo. Akalephera, atsanzika pamodzi ndi teremu.

Lamlungu masana a Nataipi anatulutsa taipi yawo yakale pakhonde, n'kuyamba kutaipa malamulo a m'buku lija mobwerezabwereza kuti alowe m'zala. Amuna awo, amene anapuma ntchito yoyendetsa basi, anali pampando wa ndalema akusoka nsapato.

"Amake ana, mwayambanso matalala? Nkhuku zathawa pabwalo."

"Zisiyeni zithawe."

"Akakuchotsani mungobwera tizikhala. Ine pano ndimasowa wocheza naye."

"Ine ndi inu tsiku lonse pakhonde pano? Tidzaphana sabata isanathe."

"Ndiye mukakhoze, chifukwa ine kufa sindikufuna." Anadula ulusi ndi mano, n'kuwayang'ana kanthawi. "Zala zimenezo zalera ana anayi. Sizikakuchititsani manyazi."

Lachitatu a Nataipi anafika m'mawa ndithu. Hafu pasiti seveni, asanavule n'juzi yomwe, anatsegula zenera lakuda, n'kulowa pa Nkhokwe, n'kutenga kope la zonse. Palibe anawatuma. Chinali chizolowezi cha m'chipindamo kuti tsiku logwira chinthu chachikulu limayamba ndi kope. Atamaliza anatsegula zenera lachiwiri la Mthunzi, koma loyamba lija sanalitseke.

A Hedi analowa itangokwana naini ndi theka. Anaumiriza kuti a Dikiranikaye akhale kuseri kwa tebulo, kumene sangaone sikirini, kuti pasakhale kunong'onezana. Iwo ananyamula chidebe chawo n'kukakhala kumeneko, manja pansi pa ntchafu. M'chipindamo munali mothina moti bondo la a Hedi linkagunda shelefu.

"Tiyeni, mayi. Ndili ndi alendo teni koloko."

A Nataipi anatsegula buku patsamba lake, n'kuliimika kumanzere monga ankaimikira makalata zaka zonsezi. Foni ya a Hedi inalira. Podzuka kuti aiyankhe, anagunda tebulo, mbewa ya kompyuta n'kutsetsereka. A Nataipi anaigwira isanagwe, anadina pa zenera lakuda, maso n'kubwerera pabuku. Zala zinathamanga. Mzere wonse unalowa wopanda cholakwa ngakhale chimodzi, ndipo anamenya batani lomaliza monga munthu wodziwa ntchito yake.

Makina amenewa safunsa ngati munthu watsimikiza. Amangomvera.

Panapita mwina mphindi imodzi. Kenako kukhonde la m'mwamba kunamveka mawu a mphunzitsi wa zosoka: "Malikisi asowa! Kodi kwa inunso asowa?" Zitseko zinayamba kutseguka.

Apa m'pamene a Nataipi anakweza maso n'kuwerenga tizilembo ta kumayambiriro kwa mzere. Panalembedwa Nkhokwe. Malikisi a ophunzira mazana asanu ndi limodzi, oyenera kutumizidwa Lachisanu, anali atapita ndi zala zawo.

Anachotsa manja pa kiyibodi n'kuwaika pamiyendo.

"Bwana, ndafufuta pa makina enieni. Ndinataipa pa zenera lolakwika."

A Hedi anagwira kumutu. Mawu anatuluka onse pamodzi. "Mwatipha! Mayi inu mwatipha! A Dikiranikaye, dzukani, khalani pampandopo msanga!"

A Dikiranikaye sanadzuke. Mawu awo anatuluka wamba.

"Achemwali, kope lomaliza ndi la liti?"

"La lero, hafu pasiti seveni."

"Analitenga ndani?"

"Ine."

"Bwana, munafuna mayeso. Aja anali oyerekeza, awa ndi enieni. Ikakwana twelofu asanabweze, pampandopo ndikhala ine, ndipo malikisi anu muwapeza. Koma January ndidzakhala kulibe. Ndi bwino muone lero chimene chidzachitike tsiku limenelo."

"Mukuseweretsa tsogolo la ana a eni!"

"Zikanakhala kuti kope palibe, bwenzi nditadzuka kale."

A Hedi anatuluka kukauza alendo awo kuti adikire, n'kubwerera kudzaima pakhomo, manja m'chiuno.

A Nataipi anapukuta zikhatho pa siketi. Chinthu choyamba, anatseka njira yolowera pa Nkhokwe kuti aphunzitsi asalembemo kanthu kena pamwamba pa bwinjalo. Anatseka mazenera onse awiri n'kutsegula limodzi lokha. Kenako anayang'ana kope: tsiku lake, nthawi yake, kukula kwake poyerekeza ndi la dzulo. Zonse zinali bwino. Mtima unkawauza kuti alithire msanga pa Nkhokwe anthu asiye kufuula, koma analibwezeretsa kaye pa Mthunzi, n'kutsegula makalasi atatu osiyana kuti aone ngati mayina ndi malikisi zikugwirizana.

Tsopano ankataipa ngati wophunzira wa sabata yoyamba. Mzere uliwonse ankayamba awerenga dzina la makina mokweza, chala chili pa sikirini, asanamenye batani.

"Mthunzi," ankatero. Kenako batani.

Mphunzitsi wa zosoka anasuzumira paphewa pa a Hedi. "Kodi akupemphera?"

"Bwererani kukalasi, mayi," anatero a Hedi osatembenuka.

Pamalo ena makina anakana, n'kulemba mzere wautali wa madandaulo. A Nataipi anayang'ana kuseri kwa tebulo. A Dikiranikaye anali akuyang'ana kudenga, nsagwada zili gwa. Mayiwo anabwerera pa sikirini n'kuwerenga madandaulowo mawu amodziamodzi mpaka kumapeto. Vuto linali laling'ono: mafayilo obwezeretsedwawo anali m'dzina la woyang'anira makina, ndipo pulogalamu ya malikisi inalibe chilolezo chowatsegula. Anali atakumanapo nazo chaka chapitacho. Anakonza, n'kulemba m'buku kuti asadzaiwale pochita pa makina enieni.

Kota pasiti leveni anati, "Nkhokwe," n'kumenya batani. Patapita mphindi makumi awiri anatsegula njira. Kumwamba wina anaomba m'manja kamodzi n'kusiya, ngati wachita manyazi.

"Zonse zabwera?" anafunsa a Hedi.

"Ayi, bwana. Zimene zinalowa pakati pa hafu pasiti seveni ndi nthawi imene ndinalakwitsa palibe. Ndaona kuti analowetsa ndi munthu mmodzi yekha, mphunzitsi wa ukalipentala. Ana makumi anayi ndi awiri."

"Ndiwatumizira uthenga."

"Ndipita ndekha. Ndalakwa ndine."

Anawapeza m'shedi ya matabwa, utuchi uli m'tsitsi, akuyang'ana mwendo wa tebulo ndi diso limodzi. Anali bambo wa zala zikuluzikulu amene ankataipa ndi chala chimodzi, ndipo malikisi amenewo anawatengera maola awiri.

"Achemwali, mukuti chiyani? Ine ndalawirira, tiyi osamwa, kujompha ngati nkhuku m'mawa wonse, inu n'kungopukuta?"

"Ndapukuta, achimwene. Pepani. Mapepala muli nawo?"

"Ali m'kabati. Koma ine kubwerezanso ayi. Chala ichi chatupa, onani."

"Inu muziwerenga, ine ndizitaipa."

Anakhala pa kompyuta ya pakona, bamboyo ataima pambali ndi mapepala. Zinatha mphindi zisanu ndi zinayi, kuphatikizapo kuwerenganso kachiwiri. A kalipentala anayang'ana mapepala, anayang'ana zala za mayiwo.

"Ndiye teremu yamawa mudzafufutenso, eti? Ndidzakuuzani tsiku."

Atabwerera pansi pa masitepe, a Nataipi anapeza a Hedi atapita. A Dikiranikaye anali atatulutsa manja ndipo ankawapinda ndi kuwatambasula, chifukwa anali atachita dzanzi. Anawakankhira buku ndi cholembera.

"Lembani. Nthawi, chimene munachita, chifukwa chake, ndi mmene mwakonzera."

"Ndilembe kuti ndine chitsiru?"

"Lembani kuti munasiya zenera la Nkhokwe lotsegula, ndiponso kuti maso anali pabuku. Uchitsiru suthandiza wodzawerenga." Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Vuto lina ndi langa. Zaka zitatu ndakhala ndikuona kuti simuyang'ana sikirini, koma sindinanene, chifukwa simunkalakwitsa. Lembaninso zimenezo."

A Nataipi analemba zonse, m'zilembo zawo zoongoka za kusukulu ya kale. Pansi pake anawonjezera lamulo lawolawo, loti mzere wa pa Nkhokwe uzioneka wofiira, ndipo anachita zimenezo tsiku lomwelo asanapite kunyumba.

Zimene a Hedi anakanena kwa akuluakulu Lachinayi palibe anazimva. Chimene chinadziwika n'chakuti Lachisanu m'mawa malikisi anatumizidwa nthawi yake, ndipo masana a Hedi anaima pakhomo la chipinda cha matsache n'kunena, akuyang'ana fani, "Wofufuta ndamuona, wobweza ndamuonanso. Mnyamata wa mapepala sindinamuone akuchita chilichonse mwa ziwirizi. A Dikiranikaye, mudzawasiyire makiyi." Anatembenuka, kenako anabwerera. "Koma mayi, ndimadwala mtima. Musadzandiyesenso."

Masabata atatu otsalawo anatha mwakachetechete. Tsiku lomaliza la teremu aphunzitsi anakonza zoti thiri koloko asonkhane m'holo, pakhale zolankhula ndi mphatso ya wotchi ya pakhoma. Itangopitirira wani koloko, a Dikiranikaye anatseka chitseko cha chipinda chawo n'kuuza a Nataipi kuti yatsala ntchito imodzi.

"Mundichotse."

"Ndikuchotseni pati?"

"Pa makina onse. Dzina langa lifufutidwe, mawu achinsinsi a woyang'anira asinthidwe, ndipo atsopanowo musandiuze. Mulembe papepala, mumate mu envelopu, mukaike m'kabati yachitsulo ya a Hedi."

"Achimwene, nanga tsiku lina nditasowa pogwira? Ndikhoza kukuimbirani mulowe muli komweko."

"Munthu wochoka sasiyidwa ndi khomo. Lero ndine, mawa adzakhala wina amene simumudziwa mtima."

A Nataipi anachita monga anauzidwa, akuwerenga dzina la makina mokweza. Zala zinalemera pa mzere wochotsa dzina la a Dikiranikaye, koma unalowa. Atamaliza, a Dikiranikaye anapempha mpando, kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu mayiwo alipo. Analemba dzina lawo ndi mawu awo akale. Makina anakana. Anayesanso pa Mthunzi, ndi pa kompyuta ya m'kalasi yoyandikana. Konse anakanidwa.

"Mwagwira bwino," anatero, n'kudzuka.

Anaika makiyi patebulo. M'chikwama chawo chakuda analowetsamo kapu, sikuludiraiva imodzi ya chigwiriro chachikasu ndi ambulera. Mabuku olembamo ntchito aja, onse asanu ndi anayi, anawasiya pashelefu.

"Nanga phwando lanu?"

"Mukandipepesere. Wotchiyo muipachike muno, ya pa Mthunzi imathamanga."

"Mukupita kuti kodi? Tinene kuti chiyani anthu akafunsa?"

"Mutsale bwino, achemwali. Moni kwa alamu."

A Nataipi anakwera masitepe n'kukaima pazenera la m'mwamba. Anawaona akudutsa pabwalo, akugwirana chanza ndi mlonda, akutuluka pageti. Pamalo okwerera basi panali basi yodikira anthu, koma anaipitirira wapansi, chikwama chili paphewa, mpaka galimoto yonyamula njerwa inawatchinga pamphambano. Itadutsa, sanaonekenso.

Lolemba mlonda anapita kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Anapeza chipinda chosesedwa, kiyi ali pachitseko, ndipo mwini nyumba anati nayenso sanauzidwe. Ena amati anawaona kudera la mapiri akukoka mawaya pachipatala china chaching'ono. Ena amati anabwerera kwawo, koma kwawoko palibe angakutchule.